Galimoto ya Kashi ndi Chiliza cha Mkazi Wanga

Bambo anga anali tenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Malingunde, ndipo anamwalira ngongole yawo isanathe. Chaka ndi chaka kapitawo ankawapatsa chimanga, feteleza, mchere ndi sopo, n'kumalemba m'buku. Fodya akagulitsidwa bukulo linkatsegulidwa pakhonde la ofesi, ife ana titaima patali pansi pa mtengo wa bulugamu. Bambo ankabwerako chipewa chili m'manja. Ankangoti, "Tiyeni kunyumba," ndipo tinkadziwa kuti chaka chinanso chapita. Ndinakula ndikuopa ngongole monga ena amaopera njoka, ndipo ndili mnyamata ndinalumbira mumtima kuti dzina langa silidzalembedwa m'buku la munthu.

Lumbirolo ndinalisunga zaka zambiri. Ndinaphunzira kuyendetsa thalakitala pa esiteti yomweyo, kenaka lole, ndipo nditapeza kangachepe ndinabwerera kwathu kufupi ndi Mitundu kukalima ndekha. Mkazi ndinakamupeza ku Nathenje, abale ake n'kundilola kumutenga chitengwa. Tinakhala zaka makumi atatu ndi zinayi. Feteleza tikalephera kugula tinkathira manyowa. Malata a nyumba tinkagula awiriawiri n'kumawasunga m'chigafa mpaka atakwana. Ku mpingo anandisankha kukhala mkulu, ndipo anthu amati ndine wosafulumira kuweruza. Pa milandu ya mabanja, ya mowa, ya malire a minda, ndinkamvetsera mpaka anzanga kutopa nane. Koma pa nkhani ya ngongole yokha lilime langa linkathamanga.

Pafupi ndi nyumba yanga pamakhala mayi wina wamasiye amene chaka chilichonse amakongola ndalama zogulira feteleza. Tsiku lina pa mapemphero a m'mudzi, iye atakhala pamphasa patsogolo panga penipeni, ndinalankhula nthawi yaitali kuti Mkhristu asamadye za mawa lero, ndi kuti wokongola amagulitsa tulo take. Dzina sindinatchule, koma panalibe amene sanadziwe. Mayiyo anangowerama n'kumasolola ulusi m'mphepete mwa chitenje chake. Ndinabwerera kunyumba ndikudziona ngati ndagwira ntchito ya Mulungu. Mkazi wanga, akundiikira madzi osamba, anangoti, "Abambo, lero mwamulasa munthu wopanda chishango." Ndinatenga madziwo n'kukasamba.

Mkazi wangayo anadwala mwadzidzidzi m'mawa wina wa Febuluwale, tikusoka fodya m'chigafa. Anangoti mutu, n'kugwa. Galimoto m'mudzi mwathu munalibe, ndipo panjinga yamoto sakanatha kukhala. Tinamugoneka pamatiresi m'ngolo, ng'ombe n'kumaterera m'matope, ine ndikuyenda pambali nditagwira ambulera pankhope pake. Ulendo umene galimoto imayenda kanthawi kochepa unatitengera pafupifupi maola awiri. Ku chipatala cha pa Mitundu anayesetsa, koma mkazi wanga anatisiya tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Mlongo wake, amene ndiye mwini mbumba kwawoko, anapempha kuti akagone ku Nathenje pafupi ndi bambo ake, ndipo sindinakane. Chiyambire tsiku limenelo, ndikamva ngolo ikulira mumsewu ndinkaganiza za galimoto.

Patatha chaka ndi miyezi ingapo tinakumana ku Nathenje kukambirana za chiliza. Manda a munthu wamkulu sasiyidwa ali mulu wa dothi mpaka kalekale. Abale amasonkha, n'kumanga, n'kuitana anthu kudzaona. Alamu anga, mlongo wa malemu uja, anatchula zofunika: simenti, njerwa, miyala, mwala wolembapo dzina, malipiro a mmisiri, ndi chakudya cha alendo. Tinagwirizana kuti chiliza chionetsedwe Loweruka lomaliza la Seputembala, anthu asanatanganidwe ndi kusosa. Ana anga anatumiza zawo pafoni. Ang'ono ake a malemu anagulitsa mtedza. Apongozi anga, amayi ake a mkazi wanga, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anagulitsa mbuzi yaikazi, imodzi mwa ziwiri zimene anali nazo. Ankanena poyera kuti safuna kufa asanaone chiliza cha mwana wawo.

"Ndalamazi zikhale ndi alamu," anatero alamu anga pamaso pa onse, akundiloza ine. "Zikakhala m'nyumba mwanga zimamera miyendo. Awa ngakhale mutawasungitsa nyama yootcha, mudzaipeza yonse."

Anthu anaseka, ine n'kuwerama mwaulemu, koma mumtima ndinakondwa. Nditafika kunyumba ndinaphatikizapo zanga, n'kuzikulunga zonse mu mpango woyera umene mkazi wanga ankavala popita ku misonkhano ya amayi a mumpingo. Ndinauika pansi m'sutikesi, pamwamba pake n'kuyalapo jekete langa la Lamulungu.

Chaka chimenecho fodya wanga anayenda bwino ku okushoni, soya nayenso sanandichititse manyazi. Mu Juni ndinamva kuti mwini chigayo china pa Mitundu akugulitsa pikapu yake yoyera chifukwa wagula lole. Galimotoyo ndinkaidziwa, yakale koma yosamalidwa. Ndinapita ngati wongodutsa. Ndinamvetsera injini, ndinagwedeza matayala, kenaka ndinagwada kuti ndione kunsi kwake. Mwini wake, munthu wonenepa wokonda nthabwala, anatuluka m'chigayo ufa uli mbuu m'nsidze.

"Akulu a mpingo, pamenepo mukupemphera kapena mukugula?"

"Ndikungoona, bambo."

"Kuona n'kwaulere. Koma Lachisanu kukubwera munthu wa ku tauni, ndipo ameneyo sagwada."

Anatchula mtengo. Ndinawerengera mumtima za fodya, za soya, ndi zimene ndikanapeza nditagulitsa ng'ombe ziwiri pamodzi ndi ngolo ija. Zinkaperewera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Ndinamuuza zoona.

"Imeneyo si nkhani," anatero, akudzikutumula ufa. "Njira zilipo ziwiri. Mukandipatsa zonse, mtengo ndi womwewo, bulubuku ya galimoto mutenga pompano. Apo ayi, perekani zomwe muli nazo, galimoto mutenge, zotsalazo muzindipatsa mwezi ndi mwezi mpaka fodya wa chaka chamawa, n'kaphindu kanga pamwamba. Bulubuku ikhale mudirowa mwanga kufikira mutamaliza. Inu sindingakukayikireni. Tingolemberana m'kabuku, basi."

Mawu akuti kabuku anandikumbutsa buku la kapitawo lija.

Masiku atatu ndinakhala pakhonde ndi pensulo ndi chikuto cha kope lakale. Kaphindu ka mwini chigayo, nditakawerengera mpaka kumapeto, kanali mtengo wa mwana wa ng'ombe. Kanandiwawa, koma sikanali kosatheka. Zopereka mwezi ndi mwezi ndikanazikwanitsa, ngakhale movutikira mu Januwale ndi Febuluwale. Panalinso njira yachitatu, yongodikira chaka china, imene ndikanalangiza munthu wina aliyense. Zonsezi ndinaziona bwino lomwe papepalapo. Chimene sindinalembe ndi ichi: ndinkaona m'maganizo mwini chigayo akundiimitsa pamsika n'kunena mokuwa, monga amachitira, kuti mwezi watha, akulu a mpingo. Ndinkaona mayi wamasiye uja akumva. Chimenecho n'chimene chinkandilemera, osati mwana wa ng'ombe.

Tsiku lachitatu ndinatsegula sutikesi kuti nditenge jekete ndikaliyanike, ndipo ndinaona mpango uja. Ndinkadziwa kale zimene zinali m'menemo. Zinali pafupifupi ndendende ndi zimene zinkaperewera. Ndinadziuza kuti ndalamazo zangogona, pamene mitengo ya zinthu ikukwera. Ndinadziuza kuti Seputembala ali kutali, ndi kuti galimoto ikamanyamula chimanga ndi mtedza wa anthu, miyezi iwiri yokha zibwerera. Ndinadziuzanso kuti malemu akanavomera, popeza iye ndiye anagona m'ngolo muja. Masiku onse atatu ndinkapemphera, koma kunena zoona sindinkamufunsa Mulungu. Ndinkangomufotokozera.

Foni inali m'thumba mwanga. Alamu sindinawaimbire.

Lachinayi tinawerengerana ndalama m'kachipinda ka kuseri kwa chigayo. Za fodya zinali zatsopano, zochokera ku banki. Za mu mpango zinali zakumudzi, zofewa, zing'onozing'ono, zina zomata ndi selotepi. Mwini chigayo anatenga mpukutu umodzi n'kuununkhiza.

"Izi ndiye zikununkha utsi. Akulu a mpingo, simunakokolole m'mbale ya chopereka?"

Anaseka mpaka kutsokomola, ine n'kusekanso nawo. Anandipatsa makiyi ndi bulubuku, n'kutuluka panja kukauza anthu amene ankadikira ufa kuti taonani munthu, wagula kashi, wopanda ndi tambala lomwe lotsala. Mpango wopanda kanthu ndinaupinda kanayi n'kuulowetsa m'thumba lam'kati.

Mbiri inathamanga kuposa galimotoyo. Lamulungu anthu anaizungulira pabwalo la tchalitchi, ndipo mkulu mnzanga anauza achinyamata kuti aphunzirepo, poti kudziletsa kumabala zotere. Ndinaima pamenepo manja kumbuyo, ndikugwedeza mutu modzichepetsa. Ndikanakonda kulemba kuti mtima unkandiluma, koma sabata yoyamba ija sunandilume. Zinkandikomera.

Mu Julaye ndinapita nayo ku Nathenje, kudzera msewu wafumbi wa m'munsi mwa phiri la Bunda. Ang'ono a malemu analulutira, ana n'kukwera kumbuyo. Apongozi anga, atakhala patali pakhonde pawo, anaomba m'manja. Alamu anazungulira galimoto kawiri, n'kumenya pabodi.

"Ndamva kuti kashi. Zoona?"

"Zoona, alamu."

"Mlongo wanga anadziwa kusankha. Ndiye basi, ya hayala yatipulumuka. Simenti akukwera mtengo, bwanji tikagule sabata yamawa tisunge?"

Apo ndi pamene ndinanama. Ndinati ndalama ndinakaziika ku banki poopa akuba, ndipo kuzitulutsa kufuna masiku. Alamu anati ndinachita bwino. Bodza loyamba la ukulu wanga linatuluka mosavuta ngati moni.

Miyezi iwiri ija siinabweze kanthu. Pali chimene sindinachiwerengere pachikuto cha kope: galimoto ya mkulu wa mpingo si ya malonda. Maliro akagwa, amabwera kwa ine. Mayi woyembekezera akayamba kumva kuti nthawi yakwana, amabwera kwa ine. Ndinaigulira zimenezo, ndipo sindikanatha kutchula mtengo kwa munthu amene akulira. Ena ankaika mafuta, ambiri ankangoti Mulungu akudalitseni. Amalonda amene akanalipira bwino anali kale ndi anthu awo. Mafuta anasowa kwa masabata awiri, ndipo ndinataya masiku pamzere. Kenaka kilatchi inatha, makaniko n'kudya zochepa zimene ndinasonkhanitsa. Alamu akaimba foni ndinkaiyang'ana mpaka itasiya kulira. Pa mgonero wa Ambuye wa mu Ogasiti ndinagwira mbale n'kuperekera anthu, koma ine sindinadye, ndipo palibe anaona.

Seputembala atalowa ndinali ndi ndalama zogulira matumba awiri a simenti, basi. Lolemba lina m'mawa ndinaliza galimoto kupita ku Nathenje. Alamu ndinawapeza kudimba, buluku atapinda mpaka m'mawondo, akuthirira matimati ndi kheni.

"Mwafika, munthu wosowa," anatero. "Foni yanu inagwera m'chitsime? Mmisiri akundivutitsa."

"Alamu, ndalama zija kulibe."

Anaika kheni pansi. "Akuba?"

"Ayi. Ndi ine. Ndinaonjezera pogula galimoto. Ku banki sizinapiteko."

Sanakalipe. Anatola kheni, n'kuthirira mzere umene anauyamba mpaka kumapeto, ine nditaima pamenepo ngati chitsa. Kenaka anakhala pamlambala wa dimba n'kundilozera kuti ndikhale.

"Wa chigayoyo sanakuloleni kupereka pang'onopang'ono?"

"Anandilola."

"Inu n'kukana."

"Ndinakana. Sindinafune ngongole."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Simunafune ngongole. Alamu, ngongole munatenga. Kungoti munasankha kukongola kwa munthu amene sangadzuke kudzakhala pakhonde panu. Wa chigayo munamuopa poti ali ndi pakamwa. Mlongo wanga alibe."

Ndinayang'ana madzi akulowa m'nthaka.

"Mukanabwera kudzanena," anapitiriza, "mwina tikanakupatsani. Mwina tikanakana, sindikudziwa. Koma mukanafunsa. Ine ndinakutamani pamaso pa mbumba yonse. Nyama yootcha, ndinatero ine."

Ndinati ndili wokonzeka kugulitsa galimotoyo. Anati wogulitsa mothamanga amalandira theka, ndipo wogula sangapezeke m'masabata atatu. "Zimenezo muona nokha," anatero. "Alongo anga enawa ndiwauza ine. Koma amayi mukawauze ndi pakamwa panu. Mbuzi ija sinali yanga."

M'zaka zonse za ukwati wanga sindinakhalepo pamphasa imodzi ndi apongozi anga. Sindinadyepo iwo akuona, sindinawayang'anepo m'maso. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Mawu athu ankadzera mwa mkazi wanga, ndipo iye atamwalira ankadzera mwa alamu. Ndi ulemu wa kwathu umenewo, ndipo ndinkaunyadira. Tsiku limenelo ndinanjuta pafupi ndi nkhokwe, nditayang'ana kumbali, iwo ali pakhonde akusenda mtedza m'lichero. Alamu anaima pakati, koma ananena kuti lero sanyamula mawu a munthu. Ndinalankhula ndekha, mokweza kuti amve, poti makutu awo anayamba kufooka. Zimene ndikananong'ona ndinazinena mofuula, nkhuku ndi ana a pamudzi akumva.

Kusenda kunaleka. Atayamba kulankhula sanalankhule kwa ine, analankhula kwa mwana wawo, monga mwa mwambo.

"Ndiye tsiku lija ndimaomba m'manja, ndimaombera mbuzi yanga?"

Anaswa mtedza wina n'kupitiriza.

"Tawafunsa akamwiniwo. Mwana wanga akanakhala ali m'nyumbamo akuyang'ana, mpangowo akanaumasula?"

"Sindikanaumasula, amayi," ndinatero.

"Ndiye amaopa maso." Anatola mtedza wina n'kuuswa. "Ine ndinkati amaopa Mulungu."

Ndakhala pa milandu yambiri ya mpingo, ndipo ndamvapo anthu akudzudzulidwa ndi mawu aatali. Sindinamvepo chiweruzo chachifupi chotere. Ndinkafuna nthaka itang'ambika.

"Uwauze," anatero pomaliza, "kuti mbuzi yatsalayo sindigulitsa. Uwauzenso kuti miyendo yangayi siidikira chaka china. Tsiku lisasinthe. Kumene akazitenge akudziwa okha."

Kumene ndikanazitenga kunali kumodzi. Pa Mitundu pali bungwe la alimi losunga ndi kubwereketsa ndalama, kumene ndinkasungitsako za fodya koma sindinakongoleko chiyambire. Kalaliki anandiuza kuti ndisiye bulubuku ngati chikole, ndipo ndipeze mamembala awiri ondiikira umboni, oti ine ndikalephera adzalipire iwo. Mkulu mnzanga uja anavomera, atandiyang'ana nthawi yaitali. Wachiwiri anavuta. Amene ndinawafikira anali ataikira kale umboni anthu ena, kapena anali ndi ngongole zawo zosatha. Kalaliki anatsegula buku n'kunena kuti m'mudzi mwathu muli membala mmodzi amene sanachedwepo kubweza ngakhale tsiku limodzi. Anali mayi wamasiye uja.

Kuchoka pakhomo panga kufika pakhomo pake ndi mtunda woti munthu angaponye mwala. Ndinauyenda ngati ndikukwera phiri. Ndinamupeza akupeta chimanga.

"Odi, mayi."

"Lowani, akulu a mpingo. Kwagwanji?"

Ndinanena chimene ndinadzera. Lichero linaima.

"Umboni wa ngongole?"

"Inde, mayi."

"Ya ndani?"

"Yanga."

Anayambanso kupeta, mankhusu akuuluka pakati pathu. "Nanga tulo mwagulitsa kale, kapena mukagulitsa konko?"

Anali atasunga mawu anga onse, zaka zonsezo. Ndinati ndinamulakwira tsiku lija, ndipo ndinamufotokozera za mpango, za chiliza, za mbuzi, osabisa kanthu, poti munthu woika chala chake ayenera kudziwa chimene akuikira. Anamvetsera osandiyang'ana.

"Malemu anabwera kuno madzulo a tsiku limenelo," anatero. "Anandibweretsera mazira anayi. Sananene kanthu, koma ndinamva. Dikirani ndisambe m'manja."

Zimenezo sindinkazidziwa. Tili m'galimoto popita ku Mitundu, mayiyo atagwira chikwama chake pamiyendo, ananena chinthu chimodzi chokha. "Ngongole si tchimo, abambo. Kungoti imafuna munthu wodziwa kugogoda pakhomo." Ku ofesi anadinda chala chake pafomu pafupi ndi dzina langa. Ndinaona kalaliki akulemba dzinalo m'buku lalikulu, ndipo ndinazindikira kuti chipewa changa chili m'manja.

Chiwongoladzanja cha bungwelo chinaposa kaphindu kamene mwini chigayo ankafuna. Bulubuku inalowa mudirowa ndithu, dirowa ina chabe. Simenti anali atakweranso mtengo, moti ndalama zimene mu Julaye zikanagula zonse zinaperewera, ndipo mwala wolembapo dzina tinagula wocheperapo kusiyana ndi umene ang'ono a malemu anasankha. Mmodzi wa iwo sanandipatse moni mpaka Khirisimasi. Masabata awiri otsalawo ndinatuta mchenga, njerwa ndi madzi, n'kumathandiza mmisiri kusakaniza, ngakhale msana wanga si wa ntchito imeneyo tsopano.

Chiliza chinatha Lachinayi, ndipo Loweruka lomaliza la Seputembala anthu anasonkhana. Kumanda n'kutali pang'ono ndi mudzi, ndipo apongozi sakanatha kuyenda. Alamu anabwera kudzandiuza kuti amayi akuti akwera mbuzi yawo, kutanthauza galimoto ija. Kutsogolo sakanakhala, poti n'kukhala pafupi ndi mkamwini. Tinayala mphasa kumbuyo, ana awo n'kuwanyamula kuwakweza. Ndinayendetsa pang'onopang'ono kuposa ngolo, ndikuzemba dzenje lililonse. Pagalasi ndinkangoona nsonga ya ndodo yawo.

Atafika anagwira simenti ndi dzanja, n'kusisita pamene panalembedwa dzina, ngakhale sadziwa kuwerenga. Anakhala pamenepo nthawi yonse ya nyimbo. Alamu poyankhula anathokoza osonkha mmodzimmodzi, anathokoza mmisiri, anathokoza amayi ophika. Pamwambo wotere amathokozanso amene anasunga ndalama. Atafika pamenepo anaima pang'ono, n'kupitirira kunena za chakudya. Alendo sanaone kanthu. A mbumba onse anamva, inenso ndinamva.

Sabata yotsatira ndinakaulula kwa akulu anzanga, ndipo ndinapempha kuti ndipume kaye pa zoweruza milandu. Ngongoleyo ndikubwezabe. Kumayambiriro kwa mwezi uliwonse ndimaima pamzere pa ofesi ija, pakati pa anthu amene kale ndinkawalalikira, ndipo ena amandipatsa malo poti ndine wamkulu. Soya wa chaka chino atagulitsidwa ndinagula mbuzi yaikazi n'kupita nayo ku Nathenje. Apongozi anauza alamu kuti andifunse ngati ndagula ndi zanga. Nditati inde, anati imangidwe pamtengo wa mango, ndipo sananenenso china.

Mpango uja uli m'sutikesi momwemo, wopindidwa kanayi. Galimoto ikuyendabe, ndipo yafikitsa odwala angapo ku chipatala nthawi ikadalipo. Sindinena zimenezi kuti ndidzichotsere mlandu, poti ikanawafikitsa chimodzimodzi ndikanalemberana ndi mwini chigayo. Pa Mitundu anthu ambiri amaitchulabe kuti ya kashi. Mwini chigayo akandiona amakuwa dzina lomwelo, n'kuuza amene ali pafupi kuti atengere chitsanzo. Masiku ambiri ndimaima n'kuwauza kuti ayi, ili pa ngongole, bulubuku ili ku bungwe. Koma alipo masiku ena, ndikatopa kapena anthu akachuluka, amene ndimangokweza dzanja n'kudutsa. Masiku amenewo ndikafika kunyumba sinditsegula sutikesi.